Ndigule kapena ndisiye? Za chinkhwe cha Eclectus chomwe akugulitsa ku Joni

Chikondi: Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Abwana ena komwe ndimasamala maluwa ku Randburg akusamuka ndiye akugulitsa chinkhwe chawo, akuti ndi Eclectus chachimuna, chobiriwira ngati tsamba la nthochi, mlomo wammwamba wa olenji, kunsi kwa mapiko kofiira. Mtengo pamodzi ndi keji ukukwana renti yanga ya miyezi iwiri. Mwana wanga anachiona tsiku lina mpaka pano sakugona, akungoti adadi tigule. Ndiyenera kapena ndikutaya ndalama?

Mayi a Tadala: Achimwene musathamange. Ine ndinagwirapo mnyumba ina zaka zitatu momwe munali chachikazi chake, chija chofiira mutu, mlomo wakuda, pamimba pabuluu. Mmawa uliwonse ndisanayambe kukolopa ndimayamba kudula papaya, mango, gwafa, karoti, mbatata yophika, masamba, kenako masana kuchotsa zotsala zisanasase, kutsuka mbale zake, kupukuta khoma poti chimamwaza zakudya paliponse. Adona atayamba ntchito yoyendayenda chinayamba kudzizula nthenga pachifuwa mpaka khungu kuoneka, ndimachipeza chili phee pakona nthenga zili mbwee pansi, mtima umandiwawa zedi.

Yamikani: Koma asisi mukumuopseza munthu, si mbalame basi? Mbewu za mpendadzuwa zili mbwee mmashopu, kuthira mmbale nkumapita ku ntchito.

Amalume Gondwe: Ayi aphwanga, pamenepo ndi pomwe anthu amaphera mbalameyi. Kwawo kwa Eclectus ndi nkhalango zamvula za ku New Guinea, zilumba za Maluku ku Indonesia, Solomon Islands, ndi kansonga ka Australia kotchedwa Cape York. Kumeneko imakhalira zipatso, maluwa ndi mphukira mmwamba mwa mitengo, mbewu zamafuta zokhazokha zimaidwalitsa. Ndipo si mbalame yozolowera kukhala yokha. Yaikazi ikapeza mphako yabwino mumtengo wautali imakhala pomwepo miyezi yambiri pachaka kuilondera poti mphako zosalowa madzi ndi zosowa, ndipo amuna angapo amaibweretsera chakudya. Imaikira mazira 2, kufungatira pafupifupi masiku 28, ana amatuluka mmphako atatha masabata ngati 11. Kusiyana kwa mtundu kuja mpaka akatswiri akale ankayesa kuti yaimuna ndi yaikazi ndi mbalame ziwiri zosiyana.

Chikondi: Eeh amalume izi sindimadziwa. Zipatso sizingandivute kwenikweni, akazi anga amagulitsa pa sitandi ndiye zotsala zimakhalapo daily.

Mayi a Tadala: Bola zikhale zosaola, ndipo mapeyala musayerekeze ngakhale kachidutswa, ndi poizoni kwa zinkhwe, chokoleti ndi khofi chimodzimodzi. Komanso mukukhala mchipinda chimodzi mophikira momwemo eti? Utsi wa mapani osamata aja akapsa kwambiri umapha mbalame nthawi yochepa. Nanga June ndi July wa kuno mukumudziwa, mbalame ya kotentha imeneyo.

Esnart: Ine ndiima mbali ya mwana. Mbalameyo abwanawo akaisiya ipitabe kwa munthu, bola ipite kwa amene akuidziwa kale, Chikondi amaiona sabata iliyonse ndipo mwina inamuzolowera mawu. Eclectus imaphunzira kuyankhula bwinobwino, mwana wokula ndi chiweto amaphunzira chisoni ndi udindo. Si zonse tiziyeza ndi ndalama anthuni.

Amalume Gondwe: Zoona achemwali koma tiyeze ndi zaka. Mbalame imeneyi imatha zaka 30 kapena kuposa. Chikondi unatiuza kuti ukumanga kumudzi ndipo ukufuna kubwerera, ndiye udzadutsa nayo bwanji pa Beitbridge ndi pa Mwanza? Ili pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, pamafunika mapemiti ndi zikalata za dokotala wa ziweto, siungangoiika mkatoni pansi pa mpando wa basi. Uwafunsenso abwanawo ngati ili ndi mphete yotsekeka kumwendo kapena mapepala osonyeza kuti inaswedwa kwa oweta, chifukwa zogwidwa kutchire nzomwe zikutha zinkhwe mmaiko ambiri.

Yamikani: Chabwino ndagonja pa za chakudya, koma phokoso bwanji? A landilodi adzalola?

Mayi a Tadala: Sichilira tsiku lonse koma chikakuwa kamodzi mpaka kuseri kwa mpanda amamva.

Chikondi: Mphete ili nayo ndinaiona kumwendo wakumanja, za mapepala ndikafunsa Loweruka. Chomwe chandigwira ndi cha chipinda chimodzichi ndi zobwerera kumudzi, ndiyambe ndakamba ndi mayi a mwana usiku uno. Mayi a Tadala, chija chinadzizula nthenga chinadzameranso?

Mayi a Tadala: Zina zinamera atachipereka kwa agogo ena omwe amakhala pakhomo tsiku lonse, koma pakati pachifuwa panatsala poyera mpaka ine ndimachoka.