Ndinaphunzira fizikisi koma ndimadyera uinjiniya, ndilowe bungwe liti?

Membala wobisa dzina:
Moni akuluakulu nonse. A admin, ndibisireni dzina chonde, abwana anga ali momwemuno.

Ndili ku Mangochi, chaka chachinayi tsopano. Digiri yanga ndi ya fizikisi, ya ku Chanco, koma choko ndinachigwira teremu imodzi yokha. Chimandidyetsa ndi sola: mapampu a madzi, mafiriji a nsomba ku Monkey Bay, ndipo ma oxygen concentrator (makina opatsa odwala mpweya wa oxygen) a tizipatala tina akafa amabwera nawonso kwa ine.

Chandiwawa ndi ichi. Mu Okutobala tinaitanidwa pamalo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja, pampu yawo imazima ikangokwana 11 koloko. Anthu awiri anali atalephera kale. Wina anawagulitsa inverter yatsopano, winayo anawauza kuti mwina nza kumudzi. Ine ndinakwera padenga ndi multimeter, malata akuotcha moti ndinachita kugwadira pa katoni. Mapanelo anawagoneka pamalata penipeni, mphepo osadutsa pansi. Panelo ikatentha voltage imatsika, mphamvu imachepa pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse yopitirira 25, ndiye taganizani dzuwa la kuno. Waya wopita ku pampu nawonso unali wowonda pa mtunda wautali chonchija. Ndinawerengera zonse, tinakweza mapanelo, tinasintha waya, madzi mpaka madzulo. Koma pa lipoti eni malo anati akufuna siginecha ya injiniya wolembetsedwa. Kunabwera bambo wina wa ku Blantyre, mapepala anga anawawerenga choimirira, nkusaina, nkudya chambo, ulendo. Ndalama yake inaposa yanga ya mwezi.

Bamboyo sindikumuda, lamulo ndi lamulo. Koma ine ndangokhala ngati mleme: mainjiniya amati ndine mphunzitsi wosochera, anzanga a fizikisi amanditcha wamawaya. Kodi pali bungwe lomwe limalandira anthu ngati ife? Ndiyambire pati?

Injiniya wopuma, Namiwawa:
Mwana wanga, musapse mtima ndi siginecha ija. Tanki ikadzagwera munthu, wokafunsidwa ndi amene anasaina. Bungwe lanu loyamba kuligogodera ndi Malawi Engineering Institution (MEI). Linabwera ndi lamulo la 2019, pomwe anaphatikiza Board of Engineers ndi Malawi Institution of Engineers. Salembetsa mainjiniya a digiri okha, kuli magulu angapo mpaka matekinishani. Alembereni kalata, muikemo transcript yanu, iwo akuuzeni gulu lomwe mungalowe ndi chomwe chikuperewera. Ndipo kuyambira lero sungani buku la ntchito: tsiku, vuto, zomwe munawerengera, zithunzi. Ya padenga ija ilembeni usiku uno musanaiwale manambala. Achinyamata ambiri ndinawaona akudziwa ntchito kuposa ine, koma pepala losonyeza zomwe anachita analibe.

Mayi wa sola, Area 25:
Achimwene, mwasakaniza zinthu ziwiri. Bungwe ndi lina, chilolezo ndi china. Pa ntchito yoika magetsi ndi sola, satifiketi ya MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, muli nayo? Ngati mulibe yambani kumeneko, chifukwa makasitomala akuluakulu amafunsa imeneyo. Kenako kuli REIAMA, bungwe la ife a mphamvu zongowonjezereka. Kumisonkhano yake ndinakumanako ndi a chemistry, a geography, wina anachita zaulimi, palibe anafunsidwa kuti digiri yako nja chiyani.

Membala wobisa dzina:
Mayi, mwandigwira pakhosi. Ndimagwira pansi pa chilolezo cha kampani, changachanga ndilibe.

Mayi wa sola, Area 25:
Ndiye nchifukwa chake abwana anuwo amagona tulo tabwino.

Mnyamata wa ku Namwera:
Che bwana, zonsezi zisiyeni mutsegule shopu ya mabatire pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Asodzi a usipa safunsa satifiketi, amangofuna nyali iyake 😂

Mphunzitsi wa fizikisi, Zomba:
Za mleme zija zandikhudza, chifukwa ana anga ambiri amathera komweko. Kunja vuto limeneli analiona kalekale. Institute of Physics ya ku London imapereka udindo wa Chartered Physicist, komanso ili ndi chilolezo chopereka Chartered Engineer kwa munthu wa fizikisi amene ntchito yake ndi ya uinjiniya. Amayang'ana kwambiri zomwe wachita ndi manja ndi mutu wako, ndiye buku lomwe anena madala a ku Namiwawa lija lidzagwiranso ntchito kumeneko. IEEE, bungwe la padziko lonse la mainjiniya a zamagetsi, nayo imalandira a fizikisi. Koma ndisakunamizeni, mapepala akunjawa sakupatsani mphamvu yosaina kuno kwathu. Ubwino wake ndi magazini, maphunziro a pa intaneti ndi anthu oti muziwafunsa. Chovuta china ndi ndalama ya umembala, imalipiridwa mu mapaundi kapena madola chaka ndi chaka, ndipo mukudziwa mmene forex ikuvutira. Ine yanga inadukiza kawiri.

Namwino, Malindi:
Ine ndaima pa ma concentrator paja. Kuno akangolira alamu timangowakankhira kukona kudikira a PAM, okonza zipangizo a ku unduna wa zaumoyo. Chimawapha nchiyani kwenikweni?

Membala wobisa dzina:
Asisi, kawirikawiri ndi fumbi ndi chinyezi cha kunyanjaku. Mkati muli timiyala ta zeolite tomwe timagwira nitrogen, tikanyowa basi oxygen imatsika. Fyuluta yakunja ija muziitsuka sabata iliyonse, iume kaye musanaibwezere, ndipo makinawo asatsamire khoma.

Mphunzitsi wa fizikisi, Zomba:
Mwaona? Ngati za chipatala zimakukokani, medical physics, fizikisi ya zachipatala, ndi njira yanu yeniyeni. ICTP, sukulu ya kafukufuku wa fizikisi ya ku Trieste ku Italy, yomwe anayambitsa Abdus Salam mu 1964, ili ndi masters ya zimenezi, ndipo a mu Africa muno ali ndi chitaganya chawo, FAMPO. Kuno kwathu za radiation zimayang'aniridwa ndi bungwe la boma la AERA, pansi pa lamulo la 2011.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Trieste ndi patali kwa munthu wa ana awiri, ndiyamba ndi MERA ndi kalata ya ku MEI. Madala a ku Namiwawa, ntchito zomwe ndinagwira pansi pa dzina la kampani zimaloledwa kulowa m'bukumo, kapena mpaka abwana asainire?

Injiniya wopuma, Namiwawa:
Lembani zonse, koma pakhale wokuchitirani umboni. Bambo wa chambo uja nambala yake munasunga?