Funso: Kodi boma limalipira radiotherapy ku chipatala cha pulayiveti?

Wofunsa, Namwera: Moni nonse a pagulu. Azakhali anga awapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo adokotala ati pafunika radiotherapy, ija ena amati kuwotcha. Ena akutiuza kuti ku Lilongwe n'kwaulere, ena akuti tithamangire ku pulayiveti ku Blantyre, boma lidzatibwezera ndalama. Zoona n'ziti? Kubanja kuno anthu ayamba kale kukamba zogulitsa munda.

Namwino, Zomba: Pepani achimwene ndi matendawa. Munda musagulitse kaye. Makina a boma ali ku National Cancer Centre, pa Kamuzu Central ku Lilongwe, yomwe anaitsegulira mu 2025. Kale odwala ankatumizidwa kunja, monga ku India, ndipo ambiri ankadikira nthawi yaitali pa mndandanda. Ku Blantyre kuli International Blantyre Cancer Centre, yomwe inayamba mu 2024, koma iyo ndi ya pulayiveti. Boma limalipirira wodwala kwina pokhapokha Unduna wa Zaumoyo utavomereza polemba chithandizo chisanayambe. Mukapita nokha, biluyo ndi yanu, lisiti silidzasanduka ndalama.

Dokotala, Mangochi boma: Ndiwonjezere za mapepala, chifukwa ambiri amabwezedwa pa zimenezi. Tengani kalata yowatumiza ku chipatala chachikulu, buku la kuchipatala, ndi zotsatira za kanyama kamene anadula kukapima. Popanda zotsatira za kanyamako palibe amene angayatse makina. Ayezetsenso magazi ndi impso. Magazi akakhala ochepa, pansi pa 10 pa muyeso wa Hb, cheza cha makina a radiotherapy sichigwira bwino chotupa, ndiye amayamba awaonjezera magazi. Konzani achibale awiri kapena atatu oti akapereke. Ngati ali pa ma ARV asasiye, anyamule okwanira miyezi iwiri.

Wogwira ntchito ku wodi ya khansa: Mtengo weniweni wa kuboma ndi wokhalira ku Lilongwe. Kawirikawiri wodwala amagona pa makina maulendo 25, Lolemba mpaka Lachisanu kwa milungu 5, mphindi zochepa patsiku, kuphatikiza dilipi ya mankhwala a khansa otchedwa cisplatin kamodzi pa mlungu. Kenako pamabwera brachytherapy, yolowetsa cheza mkati pafupi ndi chotupa. Zonsezi zithe mkati mwa milungu 8. Mukadukiza chifukwa thiransipoti yatha kapena kumudzi kwagwa maliro, khansa imapeza mpata n'kuyambanso kukula. Choncho ndalama ya banja ipite ku chakudya, pogona pafupi ndi chipatala ndi woyang'anira mmodzi wokhazikika. Chinanso: timizere ta inki timene adzawalembe pamimba asatikhule posamba, ndi timene amalunjikira makina. Kutsegula m'mimba ndi kuwawa pokodza zimachitika, auzeni anamwino msanga, osathawa chithandizo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga titayamba ku pulayiveti mlungu umodzi podikira malo kuboma?

Wogwira ntchito ku wodi ya khansa: Ayi, musatero. Pulani ya cheza amaikonza pa CT scan, chithunzi cha mkati mwa thupi la wodwalayo, molingana ndi makina a pamalopo. Mukasamuka ayambiranso kujambula ndi kuwerengera, ndipo masiku otayikawo ndi amene ndanena aja.

Wa zamainshuwalansi, Blantyre: Komabe pulayiveti tisaitaye kutali. Akakupatsani tsiku lakutali kwambiri kuboma, ndipo m'banja muli wa inshuwalansi ya zaumoyo ya MASM kapena sikimu ya kuntchito yomwe azakhaliwo analembedwapo, funsani sikimuyo chilolezo cholembedwa musanayambe, ndi malire a ndalama za khansa pa chaka. Kuchipatalako pemphani mtengo wonse papepala, osati wa tsiku limodzi, ndipo muonetsetse ngati CT scan, cisplatin, magazi ndi brachytherapy zili momwemo kapena n'zapadera.

Dokotala, Mangochi boma: Musananyamuke ku Namwera, pemphani amene akulemba kalatayo aimbire foni ku Lilongwe, mupatsidwe tsiku. Mufunsenso ngati galimoto ya chipatala ili ndi ulendo wopita kumeneko.