Ndikungothamanga mamita 300 befu yandigwira, ndiyambe bwanji?

Gama wa ku Mufakose:
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi zaka 41, makilo 96, ntchito yanga ndi yokhala pampando tsiku lonse. Ndayesa kuthamanga m'mawa kawiri, koma pamamita 300 ndimakhala ndili wefuwefu, misongolo ikuwawa. Ena akuti vuto ndi mpweya wa ku Harare chifukwa mzindawu uli pamwamba. Zoona? Nanga ndiyambire pati?

Nabanda:
A Gama, Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, inde, koma zimenezo zimavutitsa mlendo wochokera kunsi monga ku Beira masabata oyambirira okha. Inu wokhala konkuno thupi linazolowera. Vuto ndi liwiro, mukuyamba ngati mukuthamangira kombi.

Chitani chonchi, katatu pa sabata, kudumphitsa tsiku pakati. Yendani ndawala mphindi 5. Kenako thamangani mphindi imodzi, yendani ziwiri, mubwereze kasanu ndi katatu. Malizani ndi kuyenda mphindi 5. Liwiro loyenera ndi lomwe mungayankhe moni wonse, mpaka kufunsa za kunyumba, osadukiza mawu. Mukalephera, chepetsani, ngakhale ana asukulu azikupitirirani.

Sabata yachitatu muzithamanga mphindi 2 n'kuyenda 2. Yachisanu, 3 ndi 2 ndipo kenako 5 ndi 2. Sabata ikakuvutani, ibwerezeni, musapitirire. Ambiri amafika pothamanga mphindi 25 kapena 30 osaima pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

Mbewe:
Ndionjezere za misongolozo. Mapapo ndi mtima zimazolowera msanga, pamasabata ochepa, koma mafupa ndi misempha zimatenga miyezi. Nchifukwa chake munthu amavulala pomwe wayamba kumva kukoma, cha m'sabata yachitatu kapena yachinayi, n'kuonjezera mtunda kawiri. Masiku opuma aja musawadumphe.

Fupikitsani mapazi. Phazi lizitera pansi pa thupi lanu, osati kutsogolo kutali ndi chidendene, chifukwa pamenepo mphamvu yonse ya makilo 96 imakwera ndi msongolo mpaka pabondo. Mukamamva phazi likulira phaa phaa pa tara, mukuponda molemera. Bwalo la mpira lakufupi ndi kwanu ndi labwino kuposa msewu, kapena Loweruka kukwera kombi kupita ku Botanic Garden kapena ku Mukuvisi Woodlands komwe kuli tinjira ta dothi.

Ululu womwazika m'mbali mwa msongolo umatha ndi kupuma masiku angapo, kuikapo madzi oundana okulunga m'nsalu mphindi 15. Koma ukakhala pamalo amodzi oti mutha kuloza ndi chala, ndipo ukuwawa ngakhale poyenda, siyani kaye mukaonetse kuchipatala. Fupa limatha kuchita mng'alu.

Mayi Chisale:
Musanachite zonsezi, achimwene, kayezetseni BP ndi shuga ku kiliniki. Pa msinkhu wanu ndi thupi limenelo si nkhani yoti mawa. Ndipo befu wamba musamusokoneze ndi izi: chifuwa kuthina kapena kulemera, ululu wopita kudzanja kapena kunsagwada, chizungulire. Zikatero imani pomwepo, mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kubaya kwa m'nthiti kokha sikoopsa. Kumabwera kwambiri mukathamanga mutangodya, choncho nsima ikhale yatha maola awiri kapena atatu. M'mawa nthochi imodzi ndi kapu ya madzi zakwana. Za kuchepetsa thupi musayembekeze zambiri msanga: kuthamanga makilomita 3 pa makilo anu kumangowotcha makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) osapitirira 300, pomwe Coke wa 500 ml yekha ali ndi oposa 200.

Mbewe:
Ndinaiwala nsapato. Za kaunjika za kumsika wa Mupedzanhamo zitha kugwira ntchito mukasankha bwino. Ziikeni pamalo osalala, muzione kumbuyo. Zikapendekera mbali imodzi, zisiyeni, zinatha kale. Muyese madzulo mapazi atatupako, mutavala masokosi, ndipo kutsogolo kwa chala chachitali kutsale malo okwana chala chachikulu cha kudzanja. Ntchafu zikamakhuzana, pakani Vaseline.

Mukathamanga mumsewu, khalani kudzanja lamanja kuti magalimoto muziwaona akubwera. M'nyengo yozizira, Juni ndi Julayi, dzuwa limatuluka itadutsa 6 koloko, ndiye valani malaya owala kapena dikirani kuche, maenje saoneka mumdima. Mu Okutobala kumatentha, mukhale mwamaliza 7 koloko isanakwane.