Za kalasi yanga ya Giredi 2 ija, nayi nkhani yake

Abale ndi alongo, ndabweranso. Mu Januwale ndinafunsa kuti ndichite chiyani ndi ana anga a Giredi 2 kuno ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, chifukwa phokoso linandikulira moti sabata yachiwiri mawu anandithera, n'kumangonong'ona. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha, makamaka amayi aja a ku Highfield, konkuno ku Harare, amene aphunzitsa zaka zambiri.

Ndinatsatira malangizo awo oti ndisiye kukuwa. Pano ndimaomba m'manja katatu, ana n'kuyankha kawiri, kenako zii. Masiku oyamba ena ankangoseka, koma pofika sabata yachitatu zinakhazikika. Zolemba mayina a olongolola pabolodi ndinayesa, sizinandithandize, ndinazisiya.

Chimene chandikhudza kwambiri ndi kamtsikana kena kamene kankakhala kumbuyo osayankhula. Ndinkayesa ndi manyazi chabe. Tsiku lina ndinakamva kakudziyankhulira kokha kuti, "Pensulo yanga ili kuti?" Ndinakayandikira n'kukafunsa m'Chichewa, "Wadzuka bwanji mwanawe?" Kanandiyang'ana modabwa, kenako kumwetulira mano onse pamtunda. Kanali kangobwera kumene kuchokera ku Malawi ndi agogo ake, Chishona ndi Chingerezi kasanazolowere. Ndinakakhazika kutsogolo pafupi ndi mnzake amene kwawo amayankhula Chichewa, ndipo pano kayamba kuwerenga mawu afupiafupi.

Inu amene mukuyamba kumene ntchitoyi, mwana akamangokhala chete, fufuzani kaye chinenero chimene amayankhula kunyumba. Botolo la madzi lisamachoke patebulo panu. Ndondomeko ya maphunziro a sabata yamawa muzilemba Lachisanu musanakakwere kombi (minibasi), chifukwa Lamlungu usiku mutu umakhala utatopa kale.