Kunyumba amalongolola, pagulu amangoti duu

Funso: Akuluakulu, mwana wazaka 4 amalongolola kunyumba, koma kusukulu yamkaka satulutsa liwu. Ndi manyazi chabe?

Yankho 1: Ngati kunyumba amalumikiza ziganizo bwinobwino, mawu ali nawo, chikumutseka pakamwa ndi mantha. Zomukalipira kuti "lonjera alendo!" zisiyeni, zimangomuumitsa khosi.

Yankho 2: Yambani ndi mnzake mmodzi, pakhomo panu, akusewera masanje. Aphunzitsi azimufunsa mosankhitsa: "Ukufuna phala kapena mbatata?" Akatero adikire masekondi 5, osamuyankhira. Akanong'ona, alandire ngati palibe chachilendo. Kumuwombera m'manja kumachititsa kuti onse amuyang'ane, ndiye amakhalanso chete.

Yankho 3: Mwezi woyamba pasukulu musaweruze msanga. Zikapitirira, kapena ngati kunyumba komwe mawu ndi ochepa, akamuyeze makutu kuchipatala. Khutu lotuluka mafinya limachepetsa kumva, kulankhula n'kuchedwa.