Galamafoni ndi zimbale 40 za malemu: ndigule kapena ndisiye?

Mwana wa Reggae: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pali mayi ena amene amuna awo anamwalira chaka chatha, ndiye akugulitsa galamafoni ya malemuwo pamodzi ndi bokosi la zimbale 40. Ndinakaona dzulo. Muli Exodus cha Bob Marley, Slave cha Lucky Dube, zingapo za Jim Reeves, china cha Franco, ndi zina zimene sindikuzidziwa n'komwe. Ndalama imene akutchula ndi theka la malipiro anga a mwezi. Mayi a kunyumba akuti nyimbo zonsezi zili kale m'foni, nanga ndikugula chiyani? Ndinasowa choyankha chifukwa akunena zoona. Koma chigwirireni chikuto cha Exodus chija, chagolide cha zilembo zofiira, mtima wanga sukukhala m'malo. Bambo anga anali nacho chomwechi. Ankachipukuta ndi mpango wawo asanachiike, ndipo ife ana sitinkaloledwa kuyandikira singano ikatera. Ndigule kodi?

Mai a Mapasa: Achimwene, mverani akazi anu. Theka la malipiro si masewera. Komanso chinthu chimenechi si chogula kamodzi n'kupuma. Mawa singano, mkuja lamba, kenako masipika akuchepa mphamvu. Ine ndinakulira m'nyumba ya galamafoni, ndikudziwa.

Amalume a Besi: Gula, mwana wanga. Ndikuuze chifukwa chake, ndipo ndiyambira pa Exodus pomwepo.

Pa 3 December 1976 anthu a mfuti analowa kunyumba kwa Marley ku Hope Road mu Kingston, n'kumuwombera iyeyo, mkazi wake Rita ndi manijala wake. Patangopita masiku awiri anakaimbabe pa konsati ali ndi mabala, kenako anachoka ku Jamaica n'kukakhala ku London. Kumeneko ndi kumene anajambula Exodus, chimene chinatuluka mu June 1977. Tsono tamvera mmene anachiyalira. Mbali yoyamba ndi ya munthu amene wapulumuka lokumbakumba: Natural Mystic imayamba chapansipansi ngati ikuchokera kutali, besi ya Family Man Barrett ikubwera pang'onopang'ono mpaka kukufika pachifuwa, ndipo mbali yonseyo ndi yolemera, ya chiweruzo ndi ulendo, mpaka pa nyimbo ya Exodus yeniyeniyo. Ikatha, m'nyumba muli zii. Umadzuka, n'kukatembenuza chimbale ndi manja ako. Mbali yachiwiri ndi dziko lina: Jamming, Waiting in Vain, Three Little Birds, chikondi ndi mpumulo. Kachete kaja kapakati, pamene wadzuka kukatembenuza, ndi gawo la chimbalecho. Pa foni kachete kameneko kulibe. Nyimbo zimangotsatana ngati mbuzi zotuluka m'khola, uthenga wa WhatsApp n'kulowererapo pakati pa besi.

Wa Mahedifoni: Amalume, ndi ulemu wonse, zimene mwafotokozazi ndikhoza kuchita pa foni. Ndikhoza kuzimitsa mauthenga, kuimitsa nyimbo yachisanu ikatha, kukhala chete mphindi imodzi, n'kupitiriza. Kwaulere.

Amalume a Besi: Ukhoza. Unayamba wachitapo?

Wa Mahedifoni: Ayi, sindinachitepo. Komabe mfundo yanga ilipo. Ine Exodus ndinachimva koyamba pa intaneti ndipo chinandigwira mtima chimodzimodzi. Magazini ya Time itachitchula kuti ndi chimbale chopambana cha zaka za m'ma 1900, sinanene kuti pokhapokha chikhale cha galamafoni. Nyimbo ndi nyimbo.

Wokonza Mawailesi: Ndilowepo ngati munthu amene ndatsegula makina amenewa ambirimbiri. Choyamba tichotse bodza limodzi, lakuti galamafoni imamveka bwino kuposa CD. Kuyeza ndi zida, si choncho. CD, imene Sony ndi Philips anatulutsa mu 1982, ilibe kuthetheka, siitha ndi kuiimba, ndipo nyimbo yomaliza imamveka mofanana ndi yoyamba. Pa chimbale cha galamafoni, singano ikamayandikira pakati mawu amayamba kuphwanyika pang'ono, chifukwa mizere ya mkati ndi yaifupi pamene liwiro lozungulira ndi lomwelo, maulendo 33 ndi kachigawo pa mphindi. N'chifukwa chake ojambula ambiri ankaika nyimbo zofatsa kumapeto kwa mbali. Ndipo mbali imodzi imangonyamula mphindi 20 kapena kupitirira pang'ono. Ukapanikizamo zambiri, mawu amatsika.

Za besi zimene amalume amakonda, pali chinsinsi. Besi yamphamvu ikanalembedwa mmene ilili, mizere ikanakhala yotakata kwambiri ndipo singano ikanamadumpha. Ndiye podula chimbale amaichepetsa dala, n'kukweza mawu ang'onoang'ono akuthwa. Poimba, pamafunika kachipangizo kotchedwa phono kamene kamabwezeretsa zonse m'malo mwake. Ma ampulifaya akale anali nako kale m'kati. Ambiri atsopano alibe. Achimwene, mukalumikiza galamafoniyo ku sipika ya masiku ano popanda kachipangizoka, mudzamva kamawu kowonda ngati ka udzudzu, n'kuganiza kuti akuberani.

Komabe sindikukuletsani. Ineyo ndili nayo galamafoni. Ndimangofuna mugule mukudziwa chimene mukugula.

Mwana wa Reggae: Zikomo akulu. Ampulifaya ilipo, ndi ya nthawi yomweyo, yolemera kwabasi. Kumbuyo ndinaona polembedwa phono. Ndikapitanso ndikayang'ane chiyani?

Wokonza Mawailesi: Mukapite masana, ndipo musakachite manyazi kutulutsa chimbale chilichonse m'chikuto. Kachigwireni m'mbali, osati pamizere. Kachipendeketseni pa kuwala. Tizikanda tooneka ndi maso tokha nthawi zambiri sitivuta. Koma chikanda chimene chikhadabo chanu chikuchimva mukadutsitsapo mofatsa, chimenecho chidzalira "tha, tha, tha" pa kuzungulira kulikonse. Kenako kachiikeni pa makina, muwerame, muyang'ane m'mphepete chikamazungulira. Chikamakwera ndi kutsika ngati bwato pa mafunde, chinapindika ndi kutentha, ndipo kuchiwongola n'kovuta. Mukanunkhizenso m'bokosimo. Fungo la nkhungu likutanthauza kuti munalowa chinyontho.

Makinawo, mukamvere ngati liwiro likukhazikika. Ikani Jim Reeves, chifukwa mawu ake ndi osalala ndipo amakoka manoti aatali. Akamanjenjemera, lamba watha. Lamba savuta kusintha. Singano ndiye musakambirane n'komwe, mugule yatsopano. Ya dayamondi imatha pakapita maola mazana angapo, ndipo yakutha imakumba mizere osabwereranso. Ndipo chonde, chizolowezi choika kandalama kachitsulo pamwamba pa singano kuti isadumphe, chimenecho chinapha zimbale zambiri. Singano zambiri zimafuna kulemera kwa magalamu awiri basi, kapena pafupi ndi pamenepo.

Mai a Mapasa: Mwamva? Singano yatsopano, lamba watsopano, musanamve ndi nyimbo imodzi yomwe. Ndi zimene ndimanena zija.

Koma mwatchula Slave, ndiye mwandikumbutsa. Mchimwene wanga wamkulu ankachiimba mpaka tonse tinaloweza. Ambiri amaganiza kuti nyimbo ya Slave ikunena za ukapolo wa maunyolo, pamene ikunena za munthu amene wagwidwa ukapolo ndi mowa, banja lake likupasuka iye akuona. Mchimwene wangayo ankamwa. Ankaimba nawo mokweza, misozi ili m'maso, ndipo ife tinkaona ngati akungosangalala. Ndinadzamvetsa nditakula. Tsiku limene Lucky Dube anaphedwa ku Johannesburg, pa 18 October 2007, akutula ana ake, mchimwene wanga anandiimbira foni osatha kulankhula. Anangoti, "Wamva?" Iyenso anatisiya patapita zaka zochepa. Nyimbo imeneyo sinditha kuimvera mpaka kumapeto, kaya pa foni kaya pa chiyani.

Amalume a Besi: Pepani kwambiri, mayi. Lucky uja anayambira kuimba mbaqanga, chamba cha nyimbo cha kwawo ku South Africa, m'Chizulu, anthu ake omwe sankakhulupirira kuti reggae ingamuyendere. Chimbale chake choyamba cha reggae, Rastas Never Die, boma la tsankho linachiletsa. Slave cha 1987 ndi chimene chinatsegula zitseko zonse, Prisoner n'kubwera mu 1989. Munthu wosamwa, wosasuta, koma woimba za chidakwa ngati anakhalamo m'mtima mwake.

Nachisale wa Tuku: Ine galamafoni sindinakhale nayo, ndine wa makaseti. Tuku Music cha Oliver Mtukudzi, cha 1999, ndinachimvera mpaka tepi inatafunidwa katatu. Ndinkaibweza ndi bolopeni, n'kumata podukapo, ndipo pa Todii panatsala kamalo kamene mawu ankamira kenako n'kutulukanso. Mpaka lero ndikamamvera nyimboyo pa foni, khutu langa limadikira kamalo kaja. Todii inatuluka nthawi imene Edzi inkatenga anthu nyumba ndi nyumba, ndipo Tuku anafunsa funso limene tonse tinali nalo koma osalitchula. Anamwalira pa 23 January 2019, tsiku lomwelo limene mnzake Hugh Masekela anamwalira chaka chapitacho. Ndinakatenga kaseti ija m'sutikesi, ngakhale ndilibenso choimbira, n'kungoigwira.

Ndiye achimwene, ine ndikumvetsa za chikuto chija. Ndikungofunsa chimodzi. Mukufuna nyimbo, kapena mukufuna bambo anu? Ngati ndi bambo anu, gulani Exodus chokhacho. Simukufunika zimbale 40.

Mwana wa Reggae: Achemwali, funso lanu landikhalitsa pansi. Mwina zonse ziwiri. Koma chimbale chongopachika pakhoma osachiimba, bambo anga sakanachilola.

Wa Mahedifoni: Pali chinanso chimene palibe wachitchula. Mukagula chimbale chakale kwa munthu, banja la woimbayo silipezapo kanthu. Mukamamvera pa Spotify kapena malo ena ovomerezeka, kangachepe kamapita kwa eni nyimbo.

Amalume a Besi: Zoona, koma malemuwo analipira kale pamene ankagula chili chatsopano. Ndipo ndalama ya lero ikupita kwa mayi wamasiye. Ine pamenepo sindikuonapo cholakwa. Komanso za pa intanetizo si zako. Ukasiya kulipira, kapena eni ake akasemphana ndi kampani, nyimbo imangozimiririka. Zimbale za galamafoni za mtunduwu zinayamba mu 1948, ndipo zina za nthawi imeneyo zikuimbabe. Ku America mu 2022 zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba chichokereni 1987, ndipo ogulawo ambiri ndi a msinkhu wako.

Cha Franco chija ukachiyang'ane bwino, mwana wanga. Ngati ndi Mario cha 1985, chimene anaimba ndi woimba mnzake Madilu System, usachisiye. Nyimbo imodzi imapitirira mphindi 10, magitala a gulu lake la TPOK Jazz akulukana osatopa, Franco akudzudzula mnyamata wophunzira amene akudyera mayi wachuma m'malo mogwira ntchito. Nyimbo zotere zimafuna munthu wokhala pansi.

Mai a Mapasa: Wokhala pansi ndi ndani m'nyumba ya ana? Achimwene, muli ndi ana angati?

Mwana wa Reggae: Awiri, wamng'ono ali ndi zaka zitatu.

Mai a Mapasa: Ndiye muikonzere shelefu yapamwamba. Kamwana ka zaka zitatu ndi singano sizikhalira pamodzi.

Mwana wa Reggae: Ndabwerako, akuluakulu. Ndinapita ndi mayi a kunyumba, ndinaona kuti ndi bwino akaone okha. Tinatulutsa chimodzichimodzi monga ananenera akulu aja. Pa 40 paja, 11 ndi zopindika. Zinasanjikizidwa chogona pafupi ndi windo, ndipo zapamwamba ndi zimene zinapsa ndi dzuwa. Zina zinayi zili ndi zikanda zozama. Slave chili bwinobwino. Cha Franco si Mario, koma ndi cha TPOK Jazz ndithu ndipo n'chosalala. Exodus chili ndi chikanda chimodzi ku mbali yachiwiri, chimalira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kumayambiriro kwa Waiting in Vain kenako n'kusiya. Pakona ya chikuto malemuwo analembapo dzina lawo ndi chaka, 1979.

Poyesa liwiro ndinaika Jim Reeves. Mawu atangoyamba, mayi aja anachoka pakhomo pamene anaima, n'kukhala pampando, manja ali pamaondo. Palibe analankhula mpaka mbali yonse inatha. Atatero anati chimenecho ndi chimene amuna awo ankaika Lamlungu lililonse madzulo, ndipo anali asanachimve chimwalirireni iwo. Mayi a kunyumba ndi amene anachichotsa pa makina, n'kuchibwezera m'chikuto, n'kuwapatsa m'manja kuti chimenechi sichikugulitsidwa.

Tagwirizana kuti nditenga makina, ampulifaya ndi zimbale 24, mtengo watsikako, ndipo ndilipira m'magawo awiri.

Wokonza Mawailesi: Mwachita bwino kusiya zopindikazo. Zimene mwatengazo muziimike chilili ngati mabuku, kutali ndi dzuwa. Muzitsuke ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa, motsatira mizere mozungulira, osanyowetsa pepala lapakati, ndipo ziume zokha. Exodus musachiimbenso ndi singano yakaleyo, dikirani yatsopano.

Mai a Mapasa: Ine ndikadali pa mawu anga kuti ndalamayo ndi yambiri. Koma akazi anuwo ndawakonda. Nanga mayi aja adzachimvera pa chiyani chimbale chawocho, poti makina mwatenga?

Mwana wa Reggae: Tinakambirana zimenezo. Sakhala kutali. Mayi a kunyumba awauza kuti singano ikafika azibwera nacho Lamlungu madzulo.