Chipere ndi nthata m'zogonera za amphaka: tikulakwitsa pati pochapa?

Woyang'anira malo osungira amphaka, Lilongwe

Ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikupempha nzeru pa vuto limene latisowetsa mtendere kuyambira kumayambiriro kwa Disembala. Pamalo pathu timasunga amphaka a anthu amene apita kutchuthi, ndipo pakali pano tili nawo 14, aliyense m'kachipinda kake ka simenti pansi ndi waya kutsogolo. Mphaka aliyense amagona m'beseni la pulasitiki, momwe timayala siponji yodula ku matiresi akale, pamwamba pake n'kuika kabulangete kaubweya kogula pa kaunjika.

Masabata atatu apitawo tinalandira kamwana ka mphaka kamene kanali ndi malo ouma kuseri kwa khutu, ubweya utathothoka mozungulira ngati pagona ndalama yachitsulo. Dokotala atakaunika ndi nyali yake m'chipinda chamdima, ubweya wa m'mbali mwa malowo unawala mobiriwira, ndipo anatiuza kuti ndi chipere. Tinakapatula ndipo kali pa mankhwala, koma tsopano amphaka ena awiri ayamba zomwezo ngakhale sanakhudzane nako, ndipo mnyamata amene amatichapira watuluka chipere pamkono. Nthata nazo sizikutha, ngakhale amphaka onse tinawadontheza mankhwala pakhosi tsiku limene anafika.

Kachapidwe kathu ndi aka: Loweruka lililonse timasonkhanitsa mabulangete onse m'bafa limodzi n'kuwachapa pamanja ndi sopo wa ufa, pamene siponji timangoikutumula n'kuiyanika pa kapinga ngati dzuwa laoneka. Sabata yatha tinawonjezera mankhwala akuda aja otsukira m'zimbudzi, amene amasanduka oyera ngati mkaka akagwera m'madzi, poganiza kuti mphamvu yake ithetsa zonse. Chichitireni zimenezi, mphaka mmodzi wamkulu akuchucha dovu ndipo wasiya kudya. Eni ake akubwera pa 6 Januwale, ndipo sindikudziwa kuti ndiwayang'ana ndi nkhope yotani.

Dokotala wa ziweto, Blantyre

Mayi, ndisanafike pa chipere ndiyambe ndi mphaka wochucha dovuyo, chifukwa iyeyo akufunika kuonedwa lero lomwe. Mankhwala amene amachita mkaka m'madzi kawirikawiri amakhala a gulu la phenol, ndipo chiwindi cha mphaka sichitha kuwaphwanya ndi kuwatulutsa m'thupi monga chimachitira cha munthu kapena cha galu. Mphaka akagona pa bulangete lotsalira mankhwalawa amawanyambita podzisambitsa, pakamwa pamapsa, ndipo akachuluka amawononga chiwindi. Chotsani zonse zimene zinachapidwa nawo, mumupukute mapazi ndi ubweya ndi madzi ofunda a sopo wamba, kenako mupite naye kwa dokotala wanu mutatenga botololo. Kuyambira lero muziwerenga pa botolo lililonse, ndipo mukaona mawu akuti phenol, cresol kapena chloroxylenol, lisalowe kumene kuli amphaka. Ndiwonjezerepo permethrin, amene amapezeka m'mankhwala ambiri a nthata za agalu komanso m'maukonde ena otetezera udzudzu; ndaonapo anthu akuyalira mphaka ukonde wakale chifukwa ndi wofewa, ndipo sindilola zimenezi.

Tsopano za chipere. Chimene chimawala mobiriwira pansi pa nyali ija ndi Microsporum canis, kachirombo ka mtundu wa chuku kamene kamadya ubweya ndi khungu lapamwamba. Timbewu take timamatirira ku ubweya wothothoka, ndipo m'malo osatsukidwa tingakhale ndi moyo mpaka miyezi 18. Apa ndi pamene pagona yankho la funso lanu: amphaka awiriwo sanafunike kukhudzana ndi kamwana kaja, chifukwa bafa lanu la Loweruka ndi limene linagawa ubweya wake ku mabulangete onse. Timbewu timeneti timachoka pa nsalu chifukwa cha kufikisa ndi madzi ambiri, osati chifukwa cha ukali wa mankhwala, moti nsalu yochapidwa kawiri motsatizana, yosapanikizana ndi zinzake, imayera ngakhale madziwo akhale ozizira.

Siponji ndiye ilibe pothawira. Ubweya, mazira a nthata ndi mkodzo zimalowa m'timabowo take momwe dzanja silifika, ndipo mvula ino siuma mpaka mkati. Imangeni m'matumba mukataye, koma musaiwotche pafupi ndi ziweto popeza utsi wake ndi woipa. Mnyamata wanu apite kuchipatala akalandire mankhwala opaka, ndipo azichapa atavala magolovesi ataliatali ndi chovala cha ntchito chimene sapita nacho kunyumba, kuopa kupatsira ana.

Wosamalira ziweto zosowa eni, Blantyre

A dokotala anena zoona pa bafa limodzi, ndipo ine ndingofotokoza mmene timachitira pamanja, poti makina ochapira ambirife tilibe, ndipo amene ali nawo amadziwa zimene zimachitika magetsi akathima zovala zili m'kati.

Choyamba, kukutumula kuja kusiyeni, chifukwa kumamwaza ubweya m'mwamba ndipo umakatera m'zipinda za amphaka athanzi. Ine ndimavala golovesi ya labala, n'kuinyowetsa pang'ono, n'kumasisita nsaluyo kulowera mbali imodzi. Ubweya umakulungika ngati tizingwe totuwa timene ndimatola n'kuponya m'thumba. Kenako nsaluyo ndimaipindira m'kati ndisanatuluke nayo m'chipinda. Zidebe zathu ndi zamitundu itatu, ndipo aliyense pamalopo amadziwa kuti chobiriwira ndi cha athanzi, chachikasu ndi cha amene tikuwakayikira, chofiira ndi cha odwala. Timayamba kuchapa za athanzi ndi kumalizira za odwala, ndipo kusesa ndi kukolopa nako kumatsata dongosolo lomwelo. M'chidebe cha malita 20 sitiika nsalu zoposa zitatu, chifukwa zikachuluka zimangopatsirana litsiro.

Mabeseni ndi pansi timayamba tatsuka ndi sopo mpaka pasaoneke ubweya ngakhale umodzi, popeza jiki sagwira ntchito pamalo auve. Tikatsukuluza, timathira jiki wa 3.5 peresenti, mamililita 50 pa lita imodzi ya madzi ozizira, n'kumusiya ali chinyowere mphindi khumi, kenako n'kutsukuluzanso ndi kuumitsa mphaka asanabwerere. Wosungunulayo azikhala wa tsiku lomwelo. Musamuthire pamene pali mkodzo, chifukwa akakumana amatulutsa mpweya wotsamwitsa, ndipo dziwani kuti amphaka ena amakopeka ndi fungo lake mpaka kugubuduka ndi kunyambita pamene pathiridwa.

Kwa odwala chipere, ine sindivutika n'komwe ndi beseni. Ndimapempha makatoni kumagolosale, n'kuyalamo chidutswa cha shiti yakale, ndipo katoniyo ndimataya pakatha masiku awiri kapena atatu.

Wothandiza dokotala wa ziweto, Mangochi

Ndilankhulepo za nthata, popeza kuno kunyanja ndi kutentha kwathu timalimbana nazo chaka chonse. Mayi, mankhwala a pakhosi aja sanakunamizeni. Amapha nthata zimene zili pa mphaka, koma zimenezo ndi kagawo kochepa chabe, pafupifupi zisanu pa 100 zilizonse. Zotsalazo ndi mazira, timphutsi ndi zikwa zimene zili m'zogonera ndi m'ming'alu ya simenti. Nthata yaikazi imodzi ingaikire mazira 40 mpaka 50 pa tsiku, ndipo mazirawo samatirira ku ubweya koma amayoyokera pamene mphaka wagona. Mukafuna kudzionera nokha, gwedezerani bulangete limodzi pa pepala loyera lonyowa muli kunja: timadontho takuda tonga tsabola tikayamba kufiira, amenewo ndi magazi amene nthata zinayamwa, ndipo ndi chakudya cha timphutsi take. Mukapezanso tinthu tonga njere za mpunga pa nsalu, ndi zidutswa za njoka ya m'mimba imene mphaka amaitenga akameza nthata, choncho apatsidwenso mankhwala a njoka.

Mazira ndi timphutsi zimafa m'madzi a madigiri 60. Wopanda choyezera asade nkhawa: madzi owira akasakanizidwa ndi a pampopi mofanana amafika pafupifupi pamenepo, koma poti amazizira msanga, ine ndimaika magawo atatu a owira pa awiri a ozizira, n'kunyika nsalu ndi sopo, n'kuvundikira chidebe mpaka dzanja litatha kulowamo. Jiki asalowe m'madzi otenthawo.

Pali chinthu china m'kalata yanu chimene chandidetsa nkhawa, ndicho kuyanika pa kapinga. Nyengo ya mvula ino ntchentche ija yobweretsa mphutsi za pakhungu imaikira mazira pa dothi ndi pa nsalu zonyowa, makamaka zonunkha mkodzo ndi zoyanikidwa pamthunzi. Chaka chatha ndinafinya mphutsi zisanu ndi imodzi pamimba pa kamwana ka mphaka kamene kankagona pa thaulo loyanikidwa pa mpanda wa maluwa. Chotupa chilichonse chinali ndi kabowo pakati, ndipo nditapakapo mafuta mphutsi inayamba kusuzumira yokha pofuna mpweya. Yanikani pa chingwe, padzuwa, kenako musite mbali zonse ziwiri ngakhale ndi simbi ya makala. N'chifukwa chake ndikulangiza kuti musiye mabulangete aubweya a pa kaunjika, amene amasungunuka akakumana ndi simbi, mugule mashiti a thonje ndi matawulo opyapyala. Ndinganenenso kuti dzuwa la kuno likaomba bwino limamaliza lokha ntchito yonse.

Dokotala wa ziweto, Blantyre

Bambo a ku Mangochi, ndikugwirizana nanu pa zonse kupatula chiganizo chomalizacho. Dzuwa limaumitsa timphutsi ta nthata, zimenezo n'zoona, koma timbewu ta chipere tobisala m'ulusi wa nsalu sitingasiyidwe m'manja mwa dzuwa, makamaka la Januwale ku Lilongwe limene limaoneka ola limodzi n'kubisala. Kuchapa kawiri kukhalepo ndithu. Zogonera za odwala zizisinthidwa tsiku lililonse, ndipo za athanzi kamodzi pa sabata n'kokwanira mliriwu ukatha, koma panopa zichapidwe kawiri pa sabata.

Woyang'anira malo osungira amphaka, Lilongwe

Ndathokoza kwambiri nonse. Mphaka wa dovu uja tinathamanga naye tsiku lomwelo, anapezeka ndi zilonda palilime, ndipo dzulo wayamba kunyambita chakudya chofewa. Siponji yonse tataya ndipo tagula mashiti. Komabe pabuka vuto latsopano: amphaka anayi athanzi akukana kulowa m'mabeseni otsukidwawo ndipo akugona pa simenti yozizira, pamene mmodzi wafika pokodzera pa shiti yatsopano. Kodi tayeretsa mopitirira muyeso?

Wosamalira ziweto zosowa eni, Blantyre

Mayi, zimenezo n'zachizolowezi. Mphaka amazindikira malo ake ndi fungo limene amasiya akamakhudza masaya ake pa zinthu, ndipo mukachotsa fungo lonse tsiku limodzi, kwa iye ndi ngati mwamusamutsira kumudzi kwachilendo. Sopo wonunkhira maluwa ndi mankhwala ofewetsa zovala zimawonjezera vutolo, choncho gwiritsani ntchito sopo wopanda fungo lamphamvu ndipo mutsukuluze mpaka madzi ayere. Kwa athanzi, aliyense akhale ndi nsalu ziwiri zolembedwa nambala ya chipinda chake pakona, ndipo muzichapa imodzi ina ili m'beseni, kuti nthawi zonse pakhale yonunkha mwini wake. Yochapidwa kumene muzimusisita nayo pamasaya musanaiyale. Njira imeneyi si ya amene ali ndi chipere kapena okayikiridwa. Iwowo apirire kaye mpaka dokotala atawamasula. Wokodzera pa shitiyo mumuyang'anitsitse, ndipo akamapita pafupipafupi kapena kudzikakamiza pokodza, makamaka ngati ndi wamphongo, musadikire mawa.

Woyang'anira malo osungira amphaka, Lilongwe

Patha masabata atatu ndipo ndabwera kudzapereka lipoti. Palibe mphaka wina amene wagwidwa chipere chisinthireni kachapidwe, ndipo atatu odwala aja ubweya wayamba kumera, ngakhale dokotala wati apitirize mankhwala mpaka atawayezanso. Pepala lonyowa lija ndikuliyesa Lolemba lililonse. Sabata yoyamba linafiira m'zipinda zisanu ndi zinayi, ndipo sabata ino lafiira m'ziwiri zokha, zonse za kumapeto kumene simenti inang'ambika, moti mmisiri akubwera Lachinayi kudzamata. Anayi aja abwerera m'mabeseni mwawo, kupatula mmodzi amene wasankha katoni ndipo tamusiya momwemo. Eni a mphaka wa zilonda uja ndinawauza zonse mmene zinayendera ndipo ndalama za kuchipatala ndinalipira ndekha. Sanakondwe, koma anandimvetsera mpaka kumapeto.

Chimene chikutilemera tsopano ndi makala, popeza kuwiritsa madzi ndi kusita mashiti oposa 30 pa sabata kukutha thumba lathunthu nthawi yochepa, ndipo mvula ikagwa masiku awiri otsatizana nsalu siziuma. Ndikuganiza zomanga kashedi ka malata oonekera kuti tiziyanikamo. Amene munamangapo kotere, kodi m'mbali munatchinga ndi chiyani kuti mphepo izidutsa koma ntchentche zisalowe?